Mapointi a Maness ndi Khasu la aNangozo

Mukakwera kumtunda kwa Nzama n'kufunsa kuti kwa a Lufina ndi kuti, anthu angoyang'anizana. Dzina limenelo linatsalira m'buku la ubatizo ku parishi. Koma mukati aNangozo, aja okumba mapando, aliyense akulozerani: nyumba ya njerwa zootcha kuseri kwa mitengo ya mapichesi, yofolera malata mbali imodzi, mbali inayo ikudikirabe chaka chabwino.

Ndi mayi wamfupi, wa zidendene zong'aluka ndi chisanu cha kumapiri kuno. Sachedwa kuseka, sachedwanso kukuuza zoona, ndipo zoona zawozo sazithira shuga. Sukulu analekeza Sitandade 3, chaka chimene bambo awo anamwalira, amayi awo n'kunena kuti mwana wamkazi wamkulu agwire khasu. Kuwerenga amawerenga pang'ono, makamaka buku la nyimbo, poti nyimbozo anaziloweza kale. Kolona sichoka m'khosi mwawo, ngakhale kumunda. Anakwatiwa ndi a Dyton, bambo wa mawu okoma pa kwaya, ndipo anabereka ana asanu. Mmodzi Ambuye anamutenga asanamere mano. Atsikana awiri oyamba anakwatiwa msanga. Maness ndi wachinayi, ndipo m'nyumba imeneyo ndiye anali woyamba kufika Fomu 4.

Za mapandozo zili chonchi. Kuno mavenda a ku Lilongwe ndi ku Blantyre amakonda kugula mbatatesi idakali m'nthaka, munda wonse, osakumba. Mtengo amagwirizana pongoganizira kuti mutuluka matumba angati. Pamenepo ndiye pamayambira mkangano. Mwini munda amakokera venda pamphepete, paja panaunjikidwa manyowa, n'kuzula phando limodzi la mbatatesi zonga zibakera. Venda naye si mwana, amathamangira kumiyala kumene chiwawu chinawaula masamba, n'kuzula tinthu tonga mazira a nkhunda. Akatopa kulozana zala, amatuma munthu kwa aNangozo.

Iwo akafika sapereka moni wautali. Amalowa pakati pa munda, kutola chibuma, kufulatira, n'kuchiponya chakumbuyo osayang'ana. Pamene chagwera ndi pomwe amakumba, kaya ndi pabwino kaya ndi poipa. Amatero kangapo, uku ndi uku, n'kuunjika zonse pamodzi, kenako amatchula matumba. Saphonya kawirikawiri. Nzeru imeneyi anawaphunzitsa ndi apongozi awo aamuna, malemu, amene ankati maso a munthu ndi akuba, amapita kumene mtima ukufuna, koma chibuma chilibe m'bale. Malipiro awo ndi ndowa ya mbatatesi, kuphatikizapo kudedwa pang'ono ndi mbali zonse ziwiri.

Chaka chimene Maness analemba mayeso a Fomu 4, zotsatira zinatuluka kutatentha, anthu akusosa m'minda. Mtsikanayo anabwera kuchokera kusukulu n'kukhala pakhonde osavula nsapato.

"Ndakhoza, amayi. Ndapeza mapointi 27."

"Nanga mwana wa aphunzitsi aakulu uja wapeza angati?"

"Wapeza 15."

ANangozo anaimba nthungululu mpaka nkhuku zinabalalika. Mwana wawo kuposa mwana wa aphunzitsi aakulu, pafupifupi kawiri!

"Amayi, khalani pansi, mukundichititsa manyazi," anatero Maness. "Mapointi ali ngati anankafumbwe m'thumba la chimanga. Akachepa ndiye bwino."

Anakhaladi pansi. "Ndiye akowo ndi anankafumbwe ambiri?"

"Si ochepa."

A Dyton sanaone vuto lililonse. Iwo anali ndi umboni wawo: Cedric, mwana wa a Goliati a kutsidya kwa mtsinje, chaka chathachi anatengedwa ku yunivesite ya boma ndi mapointi 26. "Kusiyana kwake ndi pointi imodzi yokha," ankatero. "Mulungu amene anagawa Nyanja Yofiira angalephere pointi imodzi?" Lamulungu lotsatira, pa msonkhano wa mphakati, anaimirira n'kulengeza kuti mwana wawo akupita ku yunivesite kukaphunzira unamwino, ndipo akupempha akhristu anzawo kuti achite nawo novena yothokoza, mapemphero a masiku asanu ndi anayi. Anthu anaomba m'manja. Kuyambira tsiku limenelo Maness akamapita kumjigo ankamuitana kuti anesi, ena n'kumamuonetsa zipsera za m'miyendo mwanthabwala. Iye ankangomwetulira chakumbali n'kufulumira ndi ndowa yake.

Amene anawachotsa mtendere aNangozo ndi a Fyson, aphunzitsi a masamu a pa sukulu yoyendera imene Maness ankaphunzira. Anakumana potuluka Misa.

"Amake Maness, ndamva kuti ku mphakati kwanu kunali chikondwerero."

"Kunali. Bwanji, sitinayenere?"

"Kuthokoza n'koyenera. Mwana wakhoza, ndipo malamulo akumulola kufunsira malo, chifukwa ali ndi maphunziro asanu ndi limodzi amene wakhoza bwino, Chingerezi chili momwemo. Koma kuloledwa kuima pamzere si kulandira ayi. Ofunsira ndi namtindi, malo ndi ochepa, ndipo amayambira kwa a mapointi ochepa."

"Ndiye tidikire tione."

"Vuto lili pomwepo. Maina a otengedwa amatuluka chaka chamawa, kukuyamba kuzizira. Koma wofuna kubwereza Fomu 4 ayenera kulowa m'kalasi panopa, ndipo kulembetsa mayeso kutsekedwa Khirisimasi isanafike. Akadikira n'kusatengedwa, chaka chapita. Ku yunivesite sanapite, kubwereza sanabwereze."

"Aphunzitsi, musandizungulire ngati venda. Mwayi wa mwanayu ndi waukulu bwanji?"

A Fyson anakanda m'mutu. "Ulipo. Koma ndikati ndiuyeze ndinama. Ine sindikhala nawo posankhapo."

Chaka cha mtsikana wongokhala pakhomo aNangozo ankachidziwa bwino, abale. Chimayamba ndi kuthandiza kumunda, chimatha ndi ankhoswe pakhonde. Ana awo awiri aakulu aja anapita choncho, mmodzi akudikira fizi, wina akudikira malo ku sekondale. Palibe ananena kuti ndasiya sukulu. Anangodikira.

Atafika kunyumba anapeza a Dyton akunola khasu.

"Bambo a Maness, Cedric wanuyo ndi phando la pamphepete."

"Mwayamba zanu za mbatatesi. Mwana wanga si munda."

"Si munda. N'chifukwa chake sindifuna tigwirizane mtengo wake titazula phando limodzi. A Fyson akuti abwereze."

"Abwereze! Nangozo, tachita novena masiku onse aja, ndiye lero mwana avalenso yunifomu? Kumeneko n'kumuuza Mulungu kuti sitikumukhulupirira. Munthu sapempha mvula kwinaku akukumba chitsime. Nanga anthu adzati chiyani?"

"Anthu adzanena zomwe amanena masiku onse. Milomo yawo sipuma."

"Mwana wanga sabwereza. Ndanena."

ANangozo si mayi wolimbana ndi mwamuna pabwalo anthu akumva. Analowa m'nyumba, kugwada pamphasa, n'kunena ndi Ambuye wawo mmene amanenera ndi munthu aliyense: "Ambuye, ine sindikukuyesani. Mukafuna kumutenga mwanayu ndi 27 yakeyo, mumutenga, palibe angakuletseni. Koma khasu munandipatsa ndinu. Ndiloleni ndikumbe ndione."

Tsiku la msika anatsika ku Ntcheu boma ndi dengu la mapichesi, kuti a Dyton asafunse zambiri. M'thumba anaikamo njere za chimanga. Anaganiza kuti chibuma chawo chikhale chotere: wachinyamata aliyense amene akumane naye, osasankha nkhope, amufunsa. Akakhala kuti anafunsira malo ku yunivesite n'kutengedwa, njere ipita ku mfundo ya kumanzere kwa chitenje. Akakhala kuti anatsala, ipita kumanja.

Woyamba anali wakabaza amene anawanyamula kuchokera pa siteji.

"Iwe mwana wanga, Fomu 4 unalemba?"

"Ndinalemba, mayi."

"Mapointi?"

"Ndinapeza 21. Kodi ndinu a bungwe? Mukulemba ntchito?"

"Ndine wa bungwe la amayi osagona tulo. Ku yunivesite unafunsira?"

"Ndinafunsira. Yunivesite yake ndi yomwe mwakwerayi."

Njere inapita kumanja.

Anafunsa mnyamata wogulitsa mu golosale, anafunsa wometa, anafunsa mtsikana wogulitsa kaunjika. Ena ankaseka, ena ankakwiya, wina anati, "Mayi, mwabwera kudzatikumbutsa maliro?" Amene anawakhudza kwambiri ndi Hannah, mtsikana wa m'kanyumba kotumizira ndalama pafoni pafupi ndi chipatala. Iye anapeza mapointi 25.

"Ndinasankha unamwino, mayi, paliponse pamene panali unamwino. Anzanga onse ankasankha zomwezo. Chaka choyamba dzina silinatuluke, ndinati mwina anaiwala. Ndinafunsiranso."

"Chaka chachiwiri?"

Hannah anangoloza pansi pa tebulo. Panali mwana atagona pa katoni, atamufunditsa chitenje.

"Kubwereza sunaganize?"

"Ndinaganiza nthawi itatha. Kunyumba ankati dikira, ukhoza kutengedwa. Kudikira sikupweteka poyamba, mayi."

ANangozo anamusiyira mapichesi a mwanayo n'kuchoka. Pofika masana, mfundo ya kumanja inali yonga chibakera, ya kumanzere inalibe ngakhale njere imodzi. Mtima wawo unati basi, munda waoneka. Koma poti anali atatsika kale, anakwera minibasi ya ku Sharpevale, kwa alamu awo a Esnath, mlongo wa a Dyton amene anakwatiwa kuchigwa kwa olima mpunga. Mwana wa a Esnath, Chrispine, nayenso analemba Fomu 4 zaka ziwiri zapitazo.

Anafika thukuta lili kamukamu.

"Alamu, mwatsika ndi juzi?" anaseka a Esnath. "Kuno si kumapiri kwanu kokhala ngati m'firiji. Vulani musanapse, ndingadzanene chiyani kwa achimwene?"

"Muwauze kuti ndinafera kufunsa. Chrispine ali kuti?"

Chrispine anabwera kuchokera ku nazale ya mpunga, matope mpaka m'mawondo. Iye anapeza mapointi 19, n'kusankha udokotala ndi zina za kuchipatala zokhazokha, ndipo sanatengedwe. ANangozo anaponya njere ina kumanja, n'kumufotokozera za ulendo wawo wonse, kumuonetsa mfundo ziwiri zija. Mnyamatayo anayang'ana, anayang'ananso, n'kuyamba kuseka.

"Ukuseka chiyani? Ndavala chitenje mozondoka?"

"Pepani azakhali. Koma mwati munafunsa ndani? Wakabaza, wometa, wa m'golosale?"

"Aliyense amene ndakumana naye. Sindinasankhe."

"Nanga amene anatengedwawo mukanakumana nawo pa msika wa Ntcheu lero? Ali m'kalasi ku Zomba ndi ku Mzuzu, azakhali. Pa msika pamatsala ife otsalafe."

A Esnath anaomba m'manja. "Hii, alamu! Zaka zonsezi mukuweruza mavenda, lero mwathamangira kumiyala nokha!"

ANangozo, kunena zoona, zinawapweteka. Iwo amene amanyadira kuti chibuma chilibe m'bale, anali ataponya chibuma chawo m'mbali imodzi ya munda tsiku lonse, osazindikira. Ndipo m'kati mwa mtima anadziwa chifukwa chake sanazindikire: ankafuna kubwerera kwa a Dyton ndi mfundo yolemera. Maso ndi akuba ndithu. Anamasula mfundo ya kumanja ija, n'kumwazira nkhuku za a Esnath njere zonse.

"Chabwino, mwana wa alamu. Khala pansi apa. Tchula anzako onse a m'kalasi mwako amene anafunsira malo. Otengedwa ndi otsala omwe. Usadumphe amene umadana naye."

Chrispine anayamba kutchula, dzina ndi mapointi, mmene ankakumbukirira. Pamene waiwala ankaimbira foni mnzake. Kenako anaimbira mnzake wina amene anaphunzira sukulu ina cha ku Bilila, nayenso anatchula a m'kalasi mwake. Tsopano njere zinayamba kugwera mbali zonse ziwiri, ndipo aNangozo anayamba kuuona mundawo mmene unalili. Ana a mapointi ochepa, osafika 15, pafupifupi onse anapita. Apakatikati, onga Chrispine, zinkatengera chimene anasankha: amene anathamangira pa khomo lodzaza anthu anatsala, amene anagogoda pa makomo ena ambiri analowa. Koma a mapointi onga a Maness, otengedwa unkawawerenga ndi dzanja limodzi zala n'kutsala.

"Ndiye mwayi ulipodi," anatero aNangozo motsitsa. "A Fyson sananame. Koma ndi mwayi wa phando limodzi m'mzere wonse."

Panatsala phando la pamphepete lija. Anamva kuti Cedric wabwera ku maliro a agogo ake, ndiye mwambo wa maliro utatha anamukokera pambali.

"Iwe, 26 yako ija inalowa bwanji? Bambo ako ali ndi m'bale kumeneko?"

"Ayi, mayi," anaseka Cedric. "Ine anandiwonongera mapointi ndi Chingerezi ndi Chichewa. Koma masamu ndinapeza 2, sayansi 3. Ndiye ndinasankha uphunzitsi wa masamu, umene anthu ambiri amauthawa. Anayang'ana masamuwo."

"Ndiye manyowa ako anali masamu."

"Mukhoza kutero. Nanga Maness masamu wapeza zingati?"

ANangozo anali atafunsa kale zimenezo. Chichewa Maness anapeza 2, ulimi 3, koma masamu 8, kungopulumukira pa bowo la singano. Cedric atamva anayang'ana pansi. Anati maphunziro ambiri, ngakhale a zaulimi, amafuna masamu abwinoko, ndipo unamwino ndiye mpikisano wake ndi wa ana a mapointi ochepa kwambiri.

ANangozo anasankha tsiku limene iwo, a Dyton ndi Maness anali pamthunzi wa mapichesi, akusankha mbewu ya mbatatesi yobzala ndi mvula yoyamba. ANangozo anafotokoza zonse, osabisa ngakhale za kusekedwa kwawo ku Sharpevale. Ananena za Hannah ndi mwana wa pa katoni, za Chrispine, za masamu a Cedric.

"Ndiye bambo a Maness, munda ndakumba. Sindikunena kuti mulibe kanthu. Koma mukandifunsa ngati mmene amandifunsira mavenda, ndikuuzani kuti musaikepo chaka cha mwana."

A Dyton anaponya mbatatesi yowola kutali. "Ndiye mwayendayenda dziko lonse kufalitsa kuti mwana wanga ndi mbuli."

"Sindinatchule dzina lake kwa munthu wachilendo."

"Chikhulupiriro chanu chili m'njere za chimanga, Nangozo."

"Chikhulupiriro changa chili mwa Mulungu amene anatipatsa mvula ndi dimba lomwe. Inu chilimwe mumathirira bwanji? Simumukhulupirira?"

Akanakokana choncho mpaka dzuwa kulowa. Koma Maness, amene nthawi yonseyi ankangothothola timphukira tofooka pa mbewu, analankhula osakweza mutu.

"Amayi, mwafunsa wakabaza, mwafunsa wometa, mwafika mpaka kwa azakhali ku Sharpevale. Ababa anafunsa mphakati wonse kuti upemphere. Ine palibe wandifunsa."

ANangozo anamva ngati wina wawathira madzi ozizira pamsana. Anakumba m'minda ya eni m'boma lonse la Ntcheu, phando la pakhomo pawo osaligunda ndi khasu.

"Ndakufunsa tsopano, mwana wanga. Nena."

"Ine ndinadziwa tsiku lomwe ndinaona 8 ija kuti unamwino sizitheka. Ndinkafuna kunena, koma ababa anali atalengeza kale. Kumjigo akamati anesi, ndimamva ngati ndaba chinthu."

"Nanga masamuwo anakuvuta chiyani?" anafunsa a Dyton, mawu atatsika. "Mutu uli nawo iwe."

"Masamu, a Fyson amaphunzitsa m'mawa, phunziro loyamba. Ine chilimwe ndinkayamba ndathirira kudimba, dzinja ndinkayamba ndapalira mizere yanga. Pofika kusukulu ndinkapeza akufufuta pa bolodi. Sindikudandaula ayi, ntchito ndi yathu tonse. Koma masamu si ngati Chichewa choti umva kwa anzako panjira. Ukaphonya lero, mawa sumva."

Amene ankamudzutsa mtsikanayo m'mamawa kuti atenge keni yothirira anali aNangozo eni ake. Ankati mwana wamkazi asazolowere tulo. Sanayese kudziikira kumbuyo. Anangogwira kolona yawo n'kunena kuti, "Ndamva."

"Ndiye ukufuna chiyani?"

"Ndibwereze. Kufunsira malo tifunsirebe, a Fyson andithandize kusankha zogwirizana ndi Chichewa ndi ulimi wangawo, osati za maloto. Akanditenga, tithokoza. Koma ndizidikira ndili m'kalasi. Ndipo m'mawa ndisamapite kudimba."

A Dyton anakhala nthawi yaitali akutembenuza mbatatesi imodzi m'manja. Si bambo woipa, a Dyton. Vuto lawo ndi loti akakondwa, pakamwa pamatsogola.

"Nanga ku mphakati ndikanena chiyani?"

"Ndikanena ndine," anatero aNangozo. "Nkhope yanga inazolowera kudedwa."

Koma Lamulungu litafika, aNangozo akuti adzuke, a Dyton anawagwira chitenje n'kuimirira okha. Anakhosomola kawiri.

"Akhristu anzanga, tsiku lija ndinakolola chimanga chili chachiwisi. Mwana wanga sanatengedwe ku yunivesite, maina sanatuluke n'komwe, ndipo mwayi wake ndi wochepa. Mawa akubwerera ku Fomu 4. Novena ija musaitaye, Mulungu anaimva. Koma tsopano mupempherere masamu."

Ena anaseka, ena anang'ung'udza, mayi wina kumbuyo anati, "Ndinadziwa ine." Koma atatha mapemphero, bambo wina anawatsata aNangozo panjira n'kuwanong'oneza kuti mwana wake wapeza 29, nanga achite bwanji? Iwo anati, "Pitani kwa a Fyson, ndipo musanapite mufunse mwanayo."

Lolemba Maness anavala yunifomu yake yakale, siketi itafupika pang'ono. Kumjigo anamuseka sabata imodzi, "Anesi abwerera ku sikelo!" Kenako anthu anapeza nkhani ina, mmene amachitira. Keni ya m'mawa inagwera a Dyton, ndipo ntchito yopalira inagwera aNangozo, amene chaka chimenecho msana unawavuta kuposa kale. Sanadandaule pamaso pa mwana. Ankadandaulira Ambuye, kumunda, mokweza ndithu.

Maina anatuluka kukuyamba kuzizira, monga ananenera a Fyson. Anthu ankatumizirana pafoni. Maness anayang'ana pa foni ya aphunzitsiwo nthawi yopuma, anayang'ana kawiri, dzina lake panalibe. Anafika kunyumba maso atafiira, chifukwa ngakhale munthu udziwe kuti phando ndi lopanda kanthu, pokumba umayembekezabe. Amake sanamuuze kuti ndinanena. Anamukazingira mbatatesi, n'kukhala naye pakhonde mpaka misozi inauma.

"Amayi, ndikanadikira bwenzi lero ndili pati?"

"Bwenzi uli pomwepa, ukulira chimodzimodzi. Koma mawa ukanadzuka wopanda kopita."

M'mawa mwake kunali chisanu chothyola zala. A Dyton anatenga keni n'kutsikira kudimba akuimba nyimbo ya kwaya chapansipansi. Maness anatenga mabuku ake, mayeso atatsala pang'ono, n'kunyamuka msangamsanga kuti akapeze a Fyson asanalembe pa bolodi.

Mayeso aja analemba. Zotsatira sizinatuluke, ndipo kaya zidzatuluka zotani akudziwa ndi Mwini wake. A Dyton masiku ano akafunsidwa amangoti, "Tikupemphera," n'kutseka pakamwa ndi dzanja. ANangozo akupitirizabe kuitanidwa m'minda ya anthu, kufulatira, kuponya chibuma chawo. Tsiku lina venda wina wodziwana nawo, akumanga matumba, anawafunsa kuti, "Nanga mtsikana wanu uja, chaka chino mutuluka matumba angati?"

Iwo anapukuta khasu ndi udzu n'kuliika paphewa.

"Ameneyo sindikumba. Chaka chino analima yekha, ndipo ankafika m'mawa."